Tsiku Limene Nalimata Anagoneka Tcheya Pamphasa ya Amayi

Padangokhala, abale anga, ndipo amene muli nane vomerani kuti tili tonse, chifukwa nkhani iyi si yoimvera pakati.

M'mudzi wa nyama munali kalabu ya gemu ya mpira, uja wosewera pa sikirini ndi kachipangizo ka m'manja. Tcheya wa kalabuyo anali a Mvuu, bambo wabwino mtima ndithu, koma wosafuna kuuzidwa. Mkazi wawo, Nachisale, ndiye ankatsogolera amayi. Koma katswiri wa mudzi wonse anali Nkhwali, kamayi kochepa thupi, kamiyendo yofiira. Akagwira kachipangizoko ndi zikhadabo zake, amuna ankangoti kukamwa yasa. Zaka zinayi a kutsidya kwa mtsinje ankabwera kudzasewera, ndipo zaka zinayi ankabwerera misozi ili m'maso.

Pa kalabupo panali mwambo wake. Abambo pamipando, kutsogolo kwenikweni kwa sikirini. Amayi pamphasa, chakumbali. Ngakhale Nkhwali posewera ankakhala pamphasa pomwepo, pakuti mkazi wa mwini kukwera pampando pamaso pa alamu ake, nkhaniyo ikanafika kumsika iye asanatsike. Ndipo sizinkavuta ayi, chifukwa sikirini yakale, ija yachimimba kumbuyo, inkaonetsa chimodzimodzi kulikonse kumene wakhala.

Tsiku lina yachimimba ija inangoti phu, n'kufa. A Mvuu anapita okha kutauni n'kubwerako ndi yatsopano, yopyapyala ngati lichero. Ankati wogulitsa anawauza kuti ndi yamtundu wa tieni, ndipo palibe ina yoiposa changu. Anaikweza pathebulo, pansi pake atayala nsalu yoluka, ndipo aliyense wolowa ankayamba wapereka moni kwa tcheya kenako n'kuyamikira sikirini.

Ndiye kunabwera katswiri wa kutsidya, Ng'ona, mbeta yamphongo yovala dzino lagolide, amenenso anali ndi shopu ya masikirini kwawoko. Anakhala pampando, Nkhwali pamphasa. Nkhwali anagonja zitatu kwa duu. Sabata yotsatira anagonjanso. Yachitatu ndiye zinali zamanyazi, mpaka anapatsira mpira mdani pakhomo pa golo yake yomwe.

Mukudziwa mmene timakhalira. Pofika mawa lake zinali ponseponse zoti Nkhwali akugonja dala chifukwa wakomedwa ndi dzino lagolide. Mphekeserayi anaiyambitsa ndi Nachisale, pachitsime. Nkhwali anayesa kunena kuti sakuona bwino pa sikiriniyo, koma Nachisale anangoseka n'kunena kuti chikondi chimatero, chimaphimba maso. Amayi enawonso pamphasapo ankaona mdima womwewo, koma ndani akanayamba kunyoza katundu wa tcheya? Ena ankangoti mwina zinthu zamakono zimaoneka choncho.

Mwamuna wa Nkhwali anali Bakha, mkamwini wa makutu opepuka. Atamva zimenezi sanafunse n'komwe. Anapita kwa ankhoswe, ndipo ankhoswe anati Loweruka adzakhala pansi n'kuthetsa banjalo. A Mvuu nawo analamula kuti Nkhwali asadzagwirenso kachipangizo ka kalabu.

Tsono pakhoma la kalabuyo pankakhala Nalimata, mayi wamasiye, wosachedwa kuseka. Mulungu azitipatsa anansi otero. Iyeyu pofuna tizilombo ankayenda khoma lonse, ndiye sikirini ija ankaiona ali pamwamba, ali pansi, ali kumbali. Lolemba anapeza Nkhwali kuseri kwa kalabu akulira, ndipo anamufunsa chinthu chimodzi chokha, kuti kodi jezi yofiira ndi yobiriwira amazisiyanitsa bwanji akakhala pamphasa paja. Nkhwali anati sazisiyanitsa, zonse zimangoti bii ngati kunsi kwa mphika.

"Pukutani misozi, asisi," anatero Nalimata. "Inu simunalakwe. Koma tikakawauza atcheya kuti chawo n'chopunduka, atipondereza tonse awiri. Afunika aone okha."

Nalimata anatsetsereka mpaka pafupi ndi khutu la a Mvuu. Anayamba ndi kuwafunsa za msana wawo, kenako anati pali mawu ena amene wamva koma akuopa kuwabwereza. A Mvuu anamukakamiza. Iye anati kutsidya akuyankhula zoti sikirini ya tcheya ndi chidole cha ana, ndipo Ng'ona ali ndi mitundu itatu yoiposa. A Mvuu anafufuma. Analamula pomwepo kuti Ng'ona abwere nazo zitatu zonsezo, imodzi patsiku, kuyambira Lachitatu, aziimike pambali pa yawo, anthu aone okha. Oweruza anasankhidwa awiri: a Kadzidzi, chifukwa mdima amaudziwa bwino, ndi a Ntchentche, chifukwa diso lawo siliphonya kanthu kothamanga.

Lachitatu kalabu inadzaza. Anatchinga mawindo ndi masaka kuti mukhale kamdima. A Mvuu anakhala pampando wawo pakati penipeni. Nalimata anabweranso kukhutu kuja, n'kunena kuti msana wa bwana ndi waukulu mwaulemu wake, moti watchinga onse a kumbuyo, ndipo a kutsidya ayamba kale kunong'ona kuti tcheya akubisa sikirini yake chifukwa cha mantha.

"Ndiye ndikhale pati?" anafunsa a Mvuu.

"Malo amene simungatchinge munthu ndi pamphasa paja, bwana. Koma ayi, inu simungakhale ndi amayi."

A Mvuu anati palibe malo m'kalabu yawo amene iwo sangakhale. Anadzuka, amayi anasendera akubisa kuseka m'zitenje, ndipo tcheya anagona chammbali pamphasa, chigongono pansi.

Ng'ona anayatsa yoyamba, imene ankaitchula kuti viye. Asanayambe kusewera, Nalimata anayambitsa kanyimbo ali pakhoma, akuomba mchira ngati ng'oma. Kanali kanyimbo kachidule, kofunsa munthu kuti pamene ankaona zimene akunenazo anali atakhala pati, ndipo oyankha ankangobwereza funso lomwelo motsitsa mawu. Amayi anakagwira msanga, koma ambiri sankadziwa kumene kakuloza.

Ya viye inali yokongola, tisaname. Chakuda chinali chakuda ndithu, moti a Kadzidzi anagwedeza mutu n'kunena kuti mthunzi wa osewera ukuoneka ngati mthunzi weniweni. Koma a Ntchentche anauluka kawiri n'kutera, n'kunena kuti mpira ukathamanga ukukoka mchira wautsi kumbuyo, makamaka podutsa pamalo akuda, ndipo goloboyi angadumphire mchirawo n'kusiya mpira. Pa ya tcheya, anatero, mpira ukuyenda woyera opanda mchira. Abambo a pamipando anaomba m'manja.

Koma a Mvuu sanaombe. Pamene anagona paja, sikirini yawo inali itada ngati yapsa, osewera onse atavala jezi imodzi. Anatikita maso. Anayang'ana ya Ng'ona, ikuoneka ndithu ngakhale mitundu inali itafookako pang'ono. Anayang'ananso yawo, mdima. Nalimata atawafunsa ngati zonse zili bwino, anati ndi chimfine chabe.

Lachinayi a Mvuu anafika molawirira kuti akhale pampando, koma anapeza amayi atayala mphasa yatsopano pakati pawo, atawaikiranso mtsamiro. Nalimata anali atayenda nyumba ndi nyumba kuuza amayi kuti tcheya anakondwa nawo dzulo. Kukana ulemu wotero kukanakhala mwano, ndiye anagonanso.

Ng'ona anayatsa yachiwiri, ya aipiyesi. Kanyimbo kaja kanayambanso, ulendo uno amayi akuvomera mokweza, wina mpaka kuwonjezera nthungululu yaing'ono. Pa sikirini iyi chofiira chinali chofiira, chobiriwira chobiriwira, kaya uli pampando, kaya pamphasa, kaya waima pakhomo. Amayi anayamba kulozerana osewera, ena akuti aka n'koyamba kuona nambala ya pa jezi chifereni yachimimba ija. A Ntchentche anati changu chake chikuchepera pang'ono ku ya tcheya, koma pang'ono pake m'poti ntchentche yokha ndiyo ingadandaule. A Kadzidzi ndiwo anakwinya nkhope. Anati chakuda chake si chakuda, ndi phulusa, ndipo m'makona mukuyera ngati wina wabisamo nyali.

Abambo anatinso ya tcheya yapambana, poti iyi yapezeka ndi chilema. A Mvuu anangoti zikomo, mawu ali pansi. Potuluka Nkhwali, amene ankaonera ataima pakhomo ngati mlendo, anafunsa Nalimata ngati tcheya wanenapo kanthu. Nalimata anati ayi, bamboyo waona zonse koma manyazi amutseka pakamwa.

"Mawa ndi Lachisanu," anatero Nkhwali. "Mkuja ndine mbeta."

Nalimata anamuuza kuti adye, agone, ndipo mawa abwere atasamba bwino.

Apa mvetserani, chifukwa m'pamene pali mchere. Nalimata anali ndi mng'ono wake wokwatiwa kutsidya, amene ankakhala pakhoma la nyumba ya Ng'ona. Nyumba za anthu zilibe chinsinsi kwa a Nalimata. Tsono sikirini yachitatu sinali ya mushopu ayi, inali ya m'nyumba mwa Ng'ona, yamtundu wa oledi, yomwe mwini wake ankaseweretsa masana onse chitseko chili chotseka. Ndipo mng'ono uja anali atamuuza mkulu wake dzina la amene ankakhala ndi Ng'ona mbali inayo ya mpando.

Lachisanu anthu anachuluka mpaka ena kukwera pamawindo. Bakha naye anabwera, n'kukhala kumipando nkhope ili gwa. A Mvuu anapita okha pamphasa osauzidwa. Ng'ona atayatsa oledi ija, kalabu yonse inangoti zii. Kanyimbo ka Nalimata kanayamba mochedwa tsiku limenelo, ndipo ngakhale abambo ena anavomera nawo mosazindikira.

Abale, sikirini ija inali ngati zenera. A Kadzidzi anati chakuda chake n'chimene iwo amachitcha chakuda, poti pamene palibe kanthu sipakuwala n'komwe. A Ntchentche anauluka kumanzere, kumanja, n'kunena kuti mchira palibe, kuchedwa palibe. Kumphasa kunkaoneka bwino ngati kumipando. Ng'ona anamwetulira mpaka dzino lija kung'anima.

Nalimata anapempha mwaulemu kuti aike chithunzi choyera chokhachokha, chopanda osewera, oweruza aone ngati galasi lilibe banga. Ng'ona anavomera mosaganiza. Pamene ankadina batani, Nalimata anali atathamanga kale n'kukagona pakona yakumanja ya sikirini, miyendo atatambasula.

Choyeracho chitabwera, pakona yakumanzere panaoneka zilembo zotuwa, ngati chipsera, dzina la Ng'ona. A Kadzidzi anafotokoza kuti chilema cha mtundu umenewu n'chimenecho: chinthu chikakhalitsa malo amodzi masiku ambiri, monga mayina a osewera, chimatsalira ngakhale gemu itatha. Anthu anaseka. Kenako wina kumipando anati ngati kumanzere kuli dzina la mwini nyumba, kumanja kuli dzina la amene amasewera naye tsiku ndi tsiku. Phokoso linabuka. Onse ankati Nalimata achoke pamenepo. Bakha anaimirira, akuti lero aona ndi maso ake. Ng'ona dzino analibisa.

Nalimata anati miyendo yake yamata pagalasi, sangachoke yekha, ndipo sangalole mwamuna kumugwira poti ndi wamasiye. Anapempha kuti mtsogoleri wa amayi abwere adzamuchotse ndi nsonga ya chitenje. Nachisale anadzuka, thukuta lili kamukamu, n'kukaima kutsogolo kwa sikirini. Thupi lake linatchinga zonse, panalibe wina woona kanthu. Nalimata anasendera pang'ono. Panali polembedwa dzina la Nachisale, zilembo zonse, osasowa n'chimodzi chomwe.

"Mayi," ananong'ona Nalimata, "ine ndikhoza kugona pano mpaka magetsi atazima. Koma mchira wanga umatopa msanga ndikamamva mnzanga akunamiziridwa."

Nachisale anamvetsa. Anatembenuka, msana uli ku sikirini, ndipo potembenukapo phazi lake linakola waya wa sikiriniyo n'kuuzula. Anati pepani, ndi ngozi. Kenako anayang'ana mwamuna wake.

"Bambo a kunyumba, mwagona pamphasa masiku atatu. Auzeni anthu zimene mwaona pa sikirini yanu. Ife amayi takhala tikuona mdima chibwerereni chinthuchi, ndipo Nkhwali ananena, ine n'kumuseka. Za iye ndi Ng'ona ndinapeka ndine. Ndinalakwa."

A Mvuu anadzuka pamphasa paja. Kenako anaseka, chiseko chachikulu chija, n'kunena kuti iwo masiku onsewa amaganiza kuti ayamba khungu, mpaka anali atafunsira kale mankhwala a maso. Anati sikirini yawo ndi yachangu zoona, koma imakonda a pamipando okha, ndipo munthu woisewera ali pansi chakumbali ali ngati wotumidwa kukasaka singano m'nkhokwe.

Ena ankafunabe kuti oledi ija iyatsidwenso, koma Ng'ona anali ataikulunga kale m'bulangete, akuti ikazima mwadzidzidzi imafuna kupuma sabata yathunthu. A Kadzidzi anamuyang'ana nthawi yaitali. Ndi nkhalamba yodziwa kusunga pakamwa, tiziwathokoza otere.

Bakha anati iye sakhulupirira mpaka aone. Ndiye a Mvuu analamula kuti aseweretse sikirini yawo yomweyo, koma asinthane malo: Ng'ona pamphasa, Nkhwali pampando wa tcheya. Nkhwali anayamba wagwada kupepesa alamu ake, kenako anakwera. Abale, kunali kupha. Ng'ona ankapatsira mpira adani, ankathamangitsa wosewera wolakwika, mpaka anafunsa ngati wina wazimitsa sikirini. Zitafika zisanu kwa duu, Nkhwali anaika kachipangizo pansi n'kunena kuti kumenya wakhungu si masewera. Anapempha kuti ayatse ya aipiyesi ija, onse awiri akhale pamphasa. Pamenepo ndiye unali mpira weniweni, wokoma, ndipo Nkhwali anapambana ziwiri kwa chimodzi.

Oweruza anagamula motere. Ya tieni ndi ya munthu wosewera yekha atakhala patsogolo pake. Ya viye ndi yoonerapo zinthu zoyenda pang'onopang'ono. Ya oledi ndiyo yokongola kuposa zonse, koma siiwala, ndiye woigula akhale wa moyo woongoka. Pa mawu amenewa Nachisale anatsokomola. Ya kalabu, anatero a Kadzidzi, ikhale ya aipiyesi, ngakhale chakuda chake chimawanyansa, chifukwa pagulu chofunika n'choti onse aone zofanana. Ng'ona anaisiya pomwepo ngati mphatso, ndipo palibe anamufunsa chifukwa chimene anakhalira wopatsa mwadzidzidzi.

Madzulo ake Nkhwali anabwera pakhoma ndi kalichero ka ngumbi zokazinga. Anagwada ngati akugwadira mayi ake omubala, n'kunena kuti alibe mawu. Nalimata anati mawu asiyeni, ngumbizo zikwana. Ali mkati modya, kunabweranso lichero lina lalikulu, lophimbidwa bwino, lopanda dzina la wotumiza. Nalimata anati ameneyo akumudziwa, ndipo dzina lake waliwerengapo penapake.

Loweruka ankhoswe anabwera monga anapangana. Bakha anayamba kulankhula zambiri, kuti iye chikhalire sanakhulupirire, kuti anangotengeka ndi anthu. Nkhwali anamusiya mpaka anamaliza. Kenako anauza ankhoswe kuti banja salikana, mwamunayo amamukonda ndi makutu ake opepukawo, koma ali ndi pempho limodzi. Anati kwa mwezi wathunthu, nthawi iliyonse imene iye akusewera, Bakha azikhala pambali pake pamphasa ya amayi, kuti tsiku lina akadzamva nkhani, adzayambe wafunsa mkazi wake.

Ankhoswe anayang'anizana n'kunena kuti zimenezo sizinachitikepo. A Mvuu, amene anabwera ngati mboni, anati zinachitikapo, iwo anagonapo masiku atatu ndipo msana wawo unapola.

Bakha anayang'ana pansi, anayang'ana mkazi wake.

"Mwezi umodzi wokha?" anafunsa.

"Tiyambe ndi umodzi," anatero Nkhwali, n'kumusendezera malo.

Yanga yathera pamenepa. Thamangani mukaphule chinangwa chanu, ine changa ndadya kale ndi amene anandiuza nkhaniyi.